Mkodzo Wapakati

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, ine ndinali ndi luso limodzi lokha, kunenerera, koma panalibenso choti ndinenerere. Kale ndinkapikula matemba padoko m'mamawa, n'kumanga dengu pakaliyala, n'kupalasa njinga mpaka ku Zomba. Asodzi ankandidziwa. Akandiona ndikutsika njinga ankayamba okha kutsitsa mtengo kuti nkhani ifupike, poti ndinali munthu woti ndikhoza kuima padzuwa mpaka nsomba zitayamba kufewa, mwini wake n'kuchita kundipempha kuti ndingotenga. Ndinkanyada nazo zimenezo. Tsopano mabwato anali atagona cham'mbali pamatope ong'ambika, anthu akupita ku chilumba cha Chisi wapansi, ine ndikungotolera zotsalira: milamba youma ya m'mathiriro a mitsinje, mbalame zootcha, nthawi zina mchere.

Ndinali mkamwini. Nyumba ndinamanga ndine, koma dothi linali la kwawo kwa mkazi wanga, ndipo mwini mbumba anali amalume ake, bambo ofatsa osoka maukonde. Chaka chimenecho ankasokabe, ngakhale kunalibe koponya.

Mkazi wanga anayamba kudwala m'nyengo yotentha. Akapita kokataya madzi ankabwerako ataluma mano, n'kukhala pansi pang'ono, n'kudzukanso kubwerera komweko. Ankati kukuwotcha ngati munthu wathirako tsabola, koma otuluka ndi madontho chabe. Kwathu kuno mkodzo wofiira sudabwitsa munthu, ndi likodzo, tonse tinakula nalo. Koma uwu sunali wofiira. Unali wotuwa ngati madzi otsukira mpunga, ndipo unkanunkha. Ndiye taganizani: mkazi wapabanja akumva kuwotcha, mwamuna wake ndi wa geni, amapita m'tauni, masiku ena amagona konko. Mudzi suchedwa kuwonkhetsa samu yotere. Anati chinzonono. Ndipo kuseri kwa chinzononocho kunali matenda ena aja amene anthu sankawatchula dzina, amene zaka zimenezo ankatiyendetsa kumanda sabata ndi sabata.

Ine ndinkachita zimene ndinkadziwa. Pamsika panali munthu wogulitsa makapisozi ofiira ndi achikasu, atawayala papepala pambali pa machesi ndi singano. Ndinkagula awiri kapena atatu, ndipo ngakhale amenewo ndinkawanenerera. Mkazi wanga akamwa ankapezako bwino, ine n'kusiya kugula, poti munthu wachira ugulirenji mankhwala? Pakapita masabata awiri matenda aja abwerera.

Tsiku lina amalume anandiitana pakhonde pawo. Sanakweze mawu, sanasiyenso kusoka.

"Akamwini, mwanayu tinakupatsani ali bwino."

"Ndi zoona, bambo."

"Anthu akulankhula. Ine sindimva za anthu, koma makutu ndilibe chotsekera. Akapanda kuchira mwezi uno tiitana ankhoswe. Njinga ndi yanu, bulangete ndi lanu. Zinazo ndi za pano."

Zinazo anali mkazi, ana athu awiri, ndi nyumba imene denga lake ndinafolera ndi manja angawa. Ndinkadziwa kuyankha msodzi aliyense pa Chilwa, koma bambo amenewa sankatchula mtengo woti munthu utsitse.

Kuchipatala chathu chaching'ono kunali kutabwera za kafukufuku. Tinkamva kuti kuli asisita ena ochokera m'tauni amene amabwera Lachitatu ndi Lachinayi, akufufuza tizilombo timene timayambitsa matenda a m'chikhodzodzo mwa amayi, ndipo Lachinayi masana galimoto imatenga timabotolo m'bokosi lozizira kupita nato kukayezedwa. Mkazi wanga anapitako kamodzi tsiku limene asisitawo kunalibe, n'kupatsidwa mapiritsi oyera a masiku onse aja. Sanathandize. Pofika sabata yotsatira anali atayamba kutentha thupi, msana ukuwawa cham'mbali, moti pakaliyala sakanatha kukhala, ndi msewu wathu uja. Ndinapita ndekha Lachitatu, tikiti yake ya kuchipatala ili m'thumba. Mumtima ndinkati anthu ophunzirawa akayeza n'kunena kuti si chinzonono, ndiye kuti ndapeza mboni imene amalume sangaikane.

Pakhonde la chipatala panali mzere wa amayi a sikelo, mimba zili patsogolo, aliyense atafumbata kabotolo ka chivindikiro chofiira. Ndinadutsa pakati pawo nditawerama ngati wolakwa. Asisita a kafukufuku anali mayi wachikulire, magalasi atatsikira pamphuno, nkhope ya munthu amene wanena mawu omwewo kuyambira m'mawa.

"Odwalayo ali kuti?"

"Ali kunyumba. Sangakwere njinga."

"Ndiye ndiyeze inuyo?"

"Ine ndili bwino, asisita."

"Amuna nonse mumakhala bwino."

Anandifunsa mmene akumvera, kuyambira liti, wamwa chiyani. Za makapisozi ndinatchula mwachidule. Kenaka anatenga kabotolo, kofanana ndi timene anagwira amayi apakhonde aja, n'kulembapo nambala, nambala yomweyo n'kuilembanso patikiti.

"Mawa m'mawa, galimoto isananyamuke. Mkodzo wapakati. Osati woyamba ayi, wapakati. Tikaona zotsatira tidziwa mankhwala oti tiwapatse. Mwamva?"

"Ndamva."

Sindinamve. Koma pamalonda pali lamulo limodzi: usamaonetse kuti sukudziwa. Ukangofunsa msodzi kuti nsomba iyi ndi yanji, mtengo wakwera kale. Ndinakhala zaka zambiri ndikugwedeza mutu pa zinthu zosazidziwa n'kuzimvetsa m'njira, ndipo zinkandiyendera. Ndiye ndinaika kabotolo m'thumba n'kukwera njinga kuti ndikamvetse m'njira.

Sindinafike n'komwe pamlatho wa panjira yakwathu, nkhani yonse ndinali nditaimasulira. Wapakati tonse timamudziwa, ndi mayi woyembekezera. Pakhonde paja ndinawaona ndi maso angawa, apakati okhaokha, ndi timabotolo tomwe tija. Osati woyamba, ndiye kuti asakhale wa mimba yoyamba. Chimene chinandivuta pang'ono n'chakuti bwanji asisita osangotunga kwa amayi apakhondewo. Koma ndinakumbuka kuti achimwene anga atagonekedwa m'tauni, anatiuza kuti tipeze tokha munthu wopereka magazi, ngakhale m'chipatalamo munali anthu odzaza ndi magazi. Wodwala aliyense amabweretsa zake. Ndinakumbukanso kuti sing'anga akamakonza mankhwala amakutuma chizimba, mwina nthenga ya kadzidzi, mwina dothi la pamphambano, ndipo sufunsa kuti n'chachiyani. Ndinati achipatala nawo ali ndi zizimba zawo, kungoti amazilemba nambala. Ndinafika kunyumba ndikudziyamikira.

Mkazi wanga anali atagona pamphasa m'nyumba, atafunda nsalu.

"Mwabwera nawo mankhwala?"

"Abwera Lachinayi linalo, mayi. Pali kakang'ono koti ndikonze. Musadandaule."

Kabotolo sindinamuonetse. Ndinadya zimene zinalipo n'kupita padoko.

Padoko panali mayi wina wa ku Chisi amene ankagulitsa mchere pansi pa bwato lofulatira. Mwamuna wake anali atatsatira nsomba ku nyanja ya Chiuta ngati asodzi ambiri chaka chimenecho, n'kumusiya ndi mimba yooneka. Tinkatchulana alamu chifukwa chongozolowerana, chibale panalibe.

"Alamu, mimbayi ndi yachingati?"

"Mwayamba liti uzamba?"

"Ndangofunsa."

"Yachinayi. Mukufuna mupikule mwana asanabadwe? Inu mukhoza."

Ndinakhala pansi, ndinayang'ana uku ndi uku, n'kutulutsa kabotolo. Ndinafotokoza chapansipansi. Anayang'ana kabotolo, anayang'ana ine, kenaka anasuntha lichero lake la mchere kuliika mbali inayo.

"Geni ikavuta amuna mumayamba zimenezi. Mukufuna mukawaze padengu kuti makasitomala azithamangira inu nokha?"

"N'za kuchipatala izi. Onani nambala."

"Asing'anga a masiku ano amadziwa kulemba."

Ndinalumbira. Ndinamuuza za mkazi wanga, za kutentha thupi, za amalume ndi bulangete. Mkazi wanga ankamudziwa, ankagulana naye mchere. Anathamangitsa ntchentche pamchere, kenaka anati:

"Mundipatsa chiyani?"

Apa mtima wanga unakhala pansi, poti tinali titalowa m'munda mwanga.

"Chinthu choti mumataya ulere kuseri kwa bafa?"

"Ngati n'chotaya, pitani kuseri kwa bafako mukatole."

Ndinayamba ndi kamlamba kakang'ono, iye anayamba ndi dengu lonse. Ndinati apakati ndi ambiri m'mudzi muno. Anati pitani mukawafunse, muone ngati mubwereko ndi mano. Ndinachita njira yanga yakale, kukwera njinga ngati ndikupita kuti andiitane. Ndinapalasa mpaka pamtengo wa mthethe, pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo. Sanandiitane. Katundu anali naye yekha, ndipo sanali woti aola. Ndinabwerera ndekha ngati galu. Tinagwirizana milamba iwiri ikuluikulu, komanso kuti ndizimukweza pakaliyala popita kusikelo mpaka adzachire.

M'mawa mwake anandipatsa kabotolo atakakulunga m'tsamba la nthochi, kali kofunda.

"Ndadzaza mpaka pakamwa. Basela."

Ndinakapereka nthawi yabwino. Asisita anakaika m'bokosi osandiyang'ana, n'kunena kuti ndibwere Lachinayi linalo.

Sabata imeneyo sindikonda kuikumbuka. Mkazi wanga ankanjenjemera masana dzuwa likuswa mtengo, atafunda mabulangete onse a m'nyumba. Anayamba kusanza. Madzi sankamwa. Zitsime zathu chaka chimenecho zinali zitasanduka zamchere, mjigo wa madzi abwino unali kutali ndipo mzere wake unkayamba kusanache, moti ndowa imodzi ikabwera ankati amwe ana. Komanso ankaopa, poti kumwa ndiko kupita kuseri, ndipo kuseri ndiko kunali moto uja. Azichemwali ake ankabwera kudzamupukuta, akundidutsa pakhomo osandipatsa moni. Ine ndinkakhala pachitsa ndikuwerenga masiku ngati munthu amene watumiza katundu ndipo akudziwa kuti phindu likubwera. Ankati akabuula ndinkati, "Pirirani, mayi, Lachinayi layandikira."

Lachinayi litafika ndinali woyamba pamzere. Asisita anafufuza m'mapepala, anapeza nambala, n'kukwinya nkhope.

"Palibe chamera. Mkodzowu ulibe kanthu. Mukuti akudwalabe?"

"Kwambiri. Akusanza, akunjenjemera."

"Zodabwitsa. Munachita monga ndinanenera? Wapakati?"

"Wapakati weniweni, asisita. Miyezi isanu ndi iwiri. Ndipo si woyamba, ndi yachinayi."

Anavula magalasi n'kuwaika patebulo. Chitseko chinali chotsegula, ndipo amayi amene anali pamzere kumbuyo kwanga anasiya kulankhula.

"Bambo, mkodzowu ndi wa ndani?"

Ndinawauza. Ndikulankhula ndinayamba kumva mawu anga ngati a munthu wina.

"Munthu akamakodza," anatero pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana, "pali woyamba kutuluka, pali wapakati, pali womaliza. Woyambawo umatsuka njira, timausiya upite. Timatunga wapakati. Ndimafuna wa akazi anu. Ndikanayeza bwanji matenda a akazi anu mumkodzo wa munthu wina?"

Pakhomo wina anayamba kutsokomola chifuwa chosakhala chifuwa.

"Sabata yathunthu," anatero asisita, akuyang'ana pepala lija. Sanaseke. Ndikanakonda akanaseka. Anadzuka n'kukalankhula ndi adalaivala a galimoto ya kafukufuku, ndipo masana amenewo galimoto inapatuka kulowa m'mudzi mwathu, ine ndikuitsogolera panjinga m'fumbi lake lomwe. Mkazi wanga tinamunyamula pamphasa. Anakhala kumbuyo pamodzi ndi bokosi la timabotolo, mutu uli pamiyendo ya mchemwali wake. Asisita anati matenda akwera kuchoka m'chikhodzodzo kufika ku impso.

Kuchipatala chachikulu cha m'tauni anakhalako masiku opitirira khumi. Madzi a m'botolo pamkono, jakisoni m'mawa ndi madzulo. Kuwodi ya amayi mwamuna amalowa nthawi ya zakudya basi, ndiye ndinkakhala panja pamthunzi ndi amuna ena odikira odwala, tikugawana fodya ndi nkhani zabodza. Yanga yeniyeni sindinawauze. Ndinali wotopa mpaka m'mafupa, kutopa kwa munthu amene sanagwire ntchito iliyonse.

Patatha masiku anayi asisita aja anandipeza pamthunzipo. Ankabwera m'tauni ndi mabotolo awo, ndipo anali atatenga mkodzo weniweni tsiku lomwe tinafika. Anati nditsatireni. Anandiimika pawindo la chipinda choyezera, n'kutuluka ndi kambale kagalasi kotsekedwa, kakang'ono ngati chivindikiro cha chitini. M'kati munali chinthu chonga phala louma, ndipo pamwamba pake panali patamera zinthu zofiirira, zothithikana ngati mazira a nkhono paudzu wa m'dambo.

"Amene akudwalitsa akazi anu ndi awa. Mabakiteriya. Tinawadzala, amera."

"Achokera kuti?"

"M'matumbo mwawo momwe. Inunso muli nawo, inenso. M'matumbo savuta, ndi kwawo. Koma njira ya mkodzo ya mzimayi ndi yaifupi ndipo ili pafupi ndi kumene amatulukira. Akalowa amakwera. Ena mwa iwo ali ndi timinga tomatirira, ngati chisoso pathalauza, ndiye amakakamira kukhoma la chikhodzodzo. Munthu akamamwa madzi ambiri n'kumakodza pafupipafupi, ambiri amakokoloka asanagwire. Akamamwa pang'ono n'kumasunga mkodzo tsiku lonse, amamanga mudzi. Chimene tikufufuza n'chakuti amene akugwira amayi a kunyanja kuno ndi amtundu wanji, ndipo akumvabe mankhwala ati."

Anandionetsa timapepala tozungulira timene tinali titaikidwa pamwamba pa phala lija. Kalikonse kanali konyika m'mankhwala ake. Pozungulira kena panali poyera, ngati pabwalo posesa, tizilombo titathawa. Koma pa tiwiri tinali titamera mpaka kukhudza kapepala.

"Aka ndi mapiritsi oyera aja. Aka ndi makapisozi anu ofiira ndi achikasu. Mukuona? Akudya pamodzi. Mumagula angati?"

"Awiri. Nthawi zina atatu."

"Mumawaphunzitsa. Ofooka amafa, olimba amatsala n'kubereka anzawo olimba."

Komabe ndinali ndi changa chimene ndinabwerera.

"Ndiye si chinzonono?"

"Chimene chamera apa si chinzonono."

"Mungandilembere? Kakalata kakang'ono, kodinda. Kuti ine sizikundikhudza."

"Sindingalembe zimenezo. Kukhala malo amodzi kumathanso kukankhira tizilomboti m'njira, ngakhale mwamuna asanapite kulikonse. Ndipo zimene inu mumachita mukapita m'tauni sizimera m'kambale aka."

"Lembani theka lokha, la chinzononolo."

"Zalembedwa kale patikiti ya odwala. Tikitiyo ndi yawo, si yanu. Akafuna akaonetsa okha."

Ndinayesa kuima pamenepo monga ndinkaimira kwa asodzi. Analowa m'chipinda n'kutseka windo.

Titabwerera kumudzi mkazi wanga anali ataonda, akuyenda atagwira khoma, koma kuwotcha kunali kutatha. Ndinkaganiza kuti popeza wachira mwezi usanathe, nkhani ya ankhoswe yafa yokha. Sindinadziwe kuti nkhani ina inali itandidutsa m'njira. Mwamuna wa alamu aja anabwera kuchokera ku Chiuta, anapeza mutu wa mlamba waukulu m'nyumba, anafunsa kumene wachokera. Pofika madzulo doko lonse linkadziwa kuti ndinagula mkodzo wa mayi woyembekezera. Zifukwa zogulira chinthu chotere anthu a kwathu amazidziwa, ndipo chipatala sichili pam'ndandandawo. Ena anati n'chifukwa chake asodzi ankanditsitsira mitengo zaka zonsezi. Ena anati mkazi wanga akudwaladwala chifukwa ndinamupereka kuti geni iyende. Amene anamva zenizeni pakhomo la chipatala anali a midzi ina, ndipo nkhani yawo inkayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi ya ufiti.

Ankhoswe anakumana Loweruka m'mawa pansi pa mtengo wa mango wa amalume. Kunabwera anthu ambiri kuposa oitanidwa. Mwamuna wa alamu a ku Chisi aja anakhala patsogolo, manja atapinda. Amalume anaika ukonde pambali, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo.

"Akamwini, tinkafuna tikambe nkhani imodzi, mwatibweretsera ziwiri. Mkodzo wa mkazi wa mwini mumaufuniranji?"

Ndili chikhalire pamenepo ndinaona kuti pamsika umenewu pali mayina atatu, ndipo ndiyenera kuchoka ndi limodzi. Wachiwerewere, mfiti, kapena chitsiru. Loyamba ndi lachiwiri ndinkachoka ndi bulangete. Lachitatu linali lotchipa, koma munthu wa geni akalinyamula ndiye kuti watha, poti chuma chake chonse ndi choti anthu azimuopa kuti ndi wochenjera. Ndinayang'ana ana anga ali pakhonde ndi amayi awo. Ndinagula lachitatu.

Ndinafotokoza zonse, kuyambira pakhonde la sikelo, magazi a achimwene, chizimba, mpaka basela. Nditafika pa miyezi isanu ndi iwiri, azakhali ena a mkazi wanga anagwa cham'mbali atagwira nthiti. Nkhoswe wanga yemwe, amene anayenda mtunda wautali kudzanditeteza, anaphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Akuluakulu ena osamva bwino anati ndibwereze. Ndinabwereza. Mwamuna wa ku Chisi anayesetsa kusunga mkwiyo wake koma unamuthawa.

"Ndiye milamba ija munalipira zoona?"

"Iwiri. Ikuluikulu."

"Mayi a kwathu anakudyerani. Ine ndikanakupatsani wanga ulere."

"Wanu si wapakati," anatero wina kumbuyo.

Amalume anadikira phokoso lithe. Iwo sanaseke kwambiri, anangopukuta maso.

"Mfiti siingakhale yopusa chonchi. Imeneyo yatha. Yatsala yoyamba ija." Anatembenukira kwa mkazi wanga. "Mwana wanga, thupi ndi lako. Achipatala anati chiyani?"

Tikiti inali m'kansalu kake, ndinkaiona nsonga yake. Sanaitulutse.

"Anati si chinzonono, amalume. Anati ndizimwa madzi ambiri, abwino."

"Nanga bambowa?"

Mkazi wanga anandiyang'ana kamodzi, n'kutembenukira kwa amalume.

"Akhale. Njinga ali nayo, nsomba kulibe. Azikatunga madzi kumjigo."

Ndi mmene ndinakhalira mwamuna yekhayo pamzere wa mjigo, zigubu ziwiri pakaliyala pamene pankakhala dengu. Amayi ankandipatsa malo. "Alekeni adutse, awa ndi apakati." Dzinalo linamera. Padoko ndikati ndinenerere, wogulitsa ankangoti, "Mukufuna woyamba kapena wapakati?" ndipo anthu akaseka mtengo sutsikanso. Alamu aja ndinawakwezabe popita kusikelo monga tinapanganirana, mpaka anachira mwana wamkazi wathanzi. Tsiku limenelo ndinapuma kuposa bambo ake, poti mwanayo akanangotsokomola pobadwa, mlandu wa ufiti ukanadzuka.

Ndinkaganiza kuti ndalipira zonse. Koma tsiku lina masana nditatsitsa zigubu, ana atapita kosewera, mkazi wanga anatunga kapu, anamwa yonse monga anamuuzira, n'kukhala pakhomo.

"Bambo, ndifunseko."

"Funsani."

"Tsiku lija munabwera ndi kabotolo m'thumba. Ine ndinali gone apa. Bwanji simunandionetse? Ndinapita kusikelo kawiri ine. Ndikanakuuzani tanthauzo lake musanakhale n'komwe pansi."

"Ndinkati ndisakuvutitseni."

"Simunamvedi, kapena munkaopa kuti akayeza wanga apeza zanu?"

Pamsonkhano paja palibe anafunsa funso limeneli. Inenso ndinali ndisanadzifunse, ndinkalilambalala ngati dzenje la mumsewu. Zaka ziwiri m'mbuyomo mvula inandigoneka ku Zomba, ndipo mayi wina wophika tiyi kumsika anali ndi chipinda. Kamodzi. Chabwino, kawiri. Sindinadwalepo, sindinamvepo kalikonse, koma nthawi iliyonse mkazi wanga akabwera kuseri ataluma mano, ndinkawerenga chobwerera m'mbuyo. Ndinapita kuchipatala kukafuna mboni, inde. Koma asisita atanena mawu a matanthauzo awiri, sindikudziwa ngati khutu ndi limene linasankha tanthauzo, kapena mtima umene unkafuna mkodzo wa munthu wina aliyense kupatula wa m'nyumba mwanga. Ndimangodziwa kuti pamlatho paja, nditamasulira nkhani, ndinamva kupepukidwa kumene sikunali kwa nzeru zokha.

"Sindinamve," ndinatero. Anandiyang'anabe. "Komanso ndinkaopa."

"Panali choopa?"

"Panali. Kalekale."

Sanafunse kuti ndani, sanafunse kuti kuti. Anayang'ana m'kapu, n'kuitembenuza kuti madontho otsala agwere pansi.

"Sabata ija ndinkaona amayi anga amene anamwalira ataima pakhomo apa," anatero. "Inu muli pachitsa mukuti pirirani."

Anadzuka atagwira chitseko, poti miyendo inali isanalimbe. Sanapite kwa amalume. Madzulo ndinapeza mphasa yanga itayalidwa pabalaza, pamodzi ndi matumba ndi makasu, chitseko cha kuchipinda chili chotseka. Ndinagona pamenepo mvula yonse, ndikudzuka kukatunga madzi, mpaka chimanga chitalowa m'nkhokwe. Sanandiuze kuti nkhani yatha. Tsiku lina anangoti matumba a chimanga akusowa malo pabalaza, ndichotse mphasayo.